Kalata yotseguka: ana athu akulemba mayeso a mafupa amene sanawaonepo

Kwa olemekezeka akuluakulu oyang'anira maphunziro, akuluakulu osunga chuma chamakedzana cha dziko lino, ndi a Gogo Chalo nonse a kuno ku Dedza,

Ndayamba ndi ulemu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amphamvu pa ntchito zolemera zimene mwasenza. Ine ndine mphunzitsi wa Bayoloji pa sekondale ina yoyendera m'boma lino. Ndalemba poyera kuti makolo ndi aphunzitsi anzanga amve nawo, poti vutoli si langa ndekha. Mwano ndilibe. Chimene ndabwera nacho ndi dandaulo, ndipo dandaulo lake likuyambira pa mano a anyani.

Ena aseka, ndikudziwa. Feteleza wakwera, mabuku akusowa, ana akukhala pansi m'kalasi, ndiye munthu wamkulu n'kumadandaula za anyani amene anafa kalekale? Ndiloleni ndiyale nkhani yonse, mukatero muweruze nokha.

Dandaulo loyamba ndi la m'kalasi. Silabasi ya Fomu 4 imatilamula kuphunzitsa za chisinthiko cha zamoyo, ndipo umboni woyamba umene ana amayenera kuudziwa ndi wa mafupa osanduka miyala. Pa MSCE funso limabwera. Koma mwana wa ku Lobi, ku Mayani kapena ku Linthipe amamaliza sukulu asanagwirepo ngakhale kadzino kamodzi kotere. Chimene ali nacho ndi chithunzi chofufuma cha m'buku limene amalimbirana anthu asanu, ndi zimene ine ndajambula ndi choko pa bolodi. Zitsanzo zake ndi mahatchi a ku America ndi tiagulugufe ta ku England. Mwana amaloweza, n'kukalavula pa mayeso, koma mumtima amangoti izi ndi nthano za azungu. Chaka chilichonse wina amakweza dzanja, anzake akuseka chamumtima, n'kufunsa kuti, “Aphunzitsi, ndiye mukuti agogo athu anali apusi?” Funsoli ndi labwino. Chopweteka n'chakuti yankho lake linakumbidwa pafupi ndi kwathu kuno, koma ine ndimaliyankha ndi pakamwa pokha.

Anyani amene timawadziwa kuno, nyani, pusi ndi nchima, ndi a banja limodzi. Ali ndi matumba m'masaya mosungira chakudya ndipo sasankha: chimanga, zipatso, ziwala, zonse n'zawo. Aliyense amene analonderako munda m'mphepete mwa phiri akudziwa mmene nyani amafutira masaya asanathawe. Koma pali banja lina limene akatswiri amalitcha Colobinae, anyani odya masamba. Alipo m'nkhalango za ku Tanzania, Kenya, Uganda, Congo ndi Ethiopia mpaka kuzambwe kwa Africa, ndipo abale awo ali ku Asia, monga ma langur a ku India ndi anyani a mphuno yaitali a ku Borneo. Awa alibe matumba m'masaya. Chifu chawo chili ndi zipinda, ndipo mabakiteriya amayamba awoletsa masamba asanagayidwe, monga chimachitira chifu cha mbuzi. Amene anatumbulapo mbuzi ya pa chinkhoswe akudziwa chimene ndikunena. Kwa a ku Africa, chala chachikulu cha m'manja chinafota, kwangotsala kachitsa, moti dzanja limangokola nthambi ndi zala zinayi.

Chifu chimawola nyama ikafa. Chimene chimatsala m'nthaka ndi mafupa, makamaka mano, poti ndiwo olimba koposa m'thupi. Dzino lotafunira la nyani lili ndi mizere iwiri yopingasa. Kwa wodya masamba mizereyo ndi yaitali ndi yakuthwa, pakati pake pali chigwa chakuya, kuti tsamba lidulidwe tizidutswa ting'onoting'ono. Kwa wodya zipatso nsonga zake ndi zazifupi ndi zobulungira, zophwanyira. Choncho katswiri akatola dzino amatha kudziwa chimene mwini wake ankadya. Zaka zake amazipeza poyeza phulusa la mapiri ophulika limene lili pamwamba ndi pansi pa dothi limene fupalo linagona.

Tsono tamvani zimene zapezeka. M'chaka cha 2013, gulu lotsogozedwa ndi Nancy Stevens linalengeza za nsagwada ziwiri za ku chigwa cha Rukwa, kumwera chakuzambwe kwa Tanzania, osati kutali ndi malire athu a kumpoto. Zonse ziwiri ndi za zaka 25 miliyoni zapitazo. Imodzi, kachidutswa kokhala ndi dzino limodzi, ndi ya Nsungwepithecus, wa mzere wa anyani a ku Africa ndi Asia. Inayo ndi ya Rukwapithecus, wa mzere umene munatuluka chimpanzi, gorila ndi munthu. Pa nthawi imeneyo mizere iwiriyi inali itapatukana kale. Ndilo yankho la mwana wanga uja: pusi si gogo wathu, ndi wachibale wa patali kwambiri, ndipo umboni wake unatuluka m'chigwa chomwechi cha Africa chimene mbali yake ina muli nyanja yathu.

Pa chilumba cha Maboko m'nyanja ya Victoria, ku Kenya, panapezeka chigaza cha nyani wakale wotchedwa Victoriapithecus, cha zaka pafupifupi 15 miliyoni, chimene Brenda Benefit ndi Monte McCrossin anachifotokoza mu 1997. Chigazachi chisanaoneke, akatswiri ambiri ankaganiza kuti kholo la anyani onse a ku Africa ndi Asia linali lankhope yaifupi ndi lodya masamba. Chitaoneka, nkhope inapezeka yotalikirapo, mano akuloza ku zipatso zolimba. Anthu ophunzira anasintha maganizo chifukwa cha fupa limodzi, ndipo kwa ine phunziro la sayansi lagona pomwepa, kuposa mayina ovuta kutchulawa.

Mano akale koposa a banja la odya masamba anapezeka m'mapiri a Tugen ku Kenya, a zaka 12.5 miliyoni. Kenako pakubwera kanyani kakang'ono, Microcolobus, ka zaka pafupifupi 10 miliyoni. Ku Nakali, ku Kenya komweko, anapeza mafupa ake a dzanja, ndipo chala chachikulu chinali chathunthu, chosafota. Wina ndi Mesopithecus, amene anafotokozedwa koyamba mu 1839 kuchokera ku Pikermi, pafupi ndi Athens ku Greece. Uyu anakhalako zaka 7 mpaka 8 miliyoni zapitazo, ankayenda pansi nthawi zina, ndipo mikwingwirima ya pa mano ake imasonyeza kuti ankaswa njere ndi zakudya zina zolimba, osati masamba okha. Mu 2020 analengeza kuti mafupa ake apezekanso ku Yunnan, ku China, a zaka 6.4 miliyoni. Tangoganizani, mtundu umodzi wa nyani kuchoka ku Greece mpaka ku China.

Pambuyo pake kunabwera zimphona. Richard Leakey mu 1969 anafotokoza Paracolobus wa pafupi ndi nyanja ya Baringo, wa zaka pafupifupi 3 miliyoni, wamkulu kuposa aliyense wa banjali amene ali moyo lero. Kunalinso Rhinocolobus wa mlomo wautali m'dera la nyanja ya Turkana, ndi Cercopithecoides amene ankakhala pansi, mano ake operepeseka ndi mchenga wa m'zakudya. Zimphonazi zinatha, kunatsala ang'onoang'ono a m'mitengo amene tikuwaona lero.

Mwana akaika zinthuzi pa tebulo mwa dongosolo la zaka amaona yekha kuti mano, chala ndi moyo wa m'mitengo sizinabwere tsiku limodzi. Chilichonse chinadza pa nthawi yake, ndipo nthambi zina zinafera m'njira. Apo sakulowezanso, wayamba kuganiza. Ine ndimapemphera, ndipo ana ambiri amene ndimawaphunzitsa ndi a m'kwaya ndi a ku madrasa. Sindinaonepo mwana akusiya pemphero chifukwa choyerekeza mano awiri. Amene ndawaona ndi ana odana ndi phunziro chifukwa chouzidwa kuti akhulupirire chinthu chimene sanachione.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti Malawi ali m'kati mwa nkhaniyi, koma ana a chigawo chapakati sakudziwa. Cercopithecoides uja mafupa ake apezeka ku Koobi Fora ku Kenya, apezekanso ku Makapansgat ndi Sterkfontein ku South Africa. Pakati pa malo amenewa pali ndani? Ndife. N'chifukwa chake akatswiri Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage anabwera kudzafufuza m'dothi la Chiwondo ku Karonga, poona kuti dziko lino ndi mpita wa nyama zakale pakati pa kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Mu 1991 ku Uraha kunapezeka nsagwada yotchedwa UR 501, ya mtundu wa munthu wakale wotchedwa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Mu 1996 ku Malema kunapezeka chidutswa cha nsagwada ya Paranthropus boisei, wachibale wina wakale wa munthu. M'dothi lomwelo mwatuluka mano a anyani akale, Parapapio ndi Theropithecus, a banja la nyani wathuyu. Ku Karonga kuli nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa mu 2004, momwe mwaima chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana cha mtundu wa dinosaur. Ndi ntchito yotamandika, ndipo a kumeneko ndawaombera m'manja. Koma kuchoka kuno kukafika ku Karonga ndi makilomita opitirira 600. Kholo limene likuvutika kupeza fizi lingapeze kuti ndalama ya basi, ya chakudya ndi ya pogona? Ana anga ambiri amadziwa za dinosaur kuchokera pa mafoni, osadziwa kuti wina ali ndi dzina la dziko lawo.

Dandaulo lachitatu ndi la mafupa amene anthu wamba amatola. Ndinene mosabisa kuti mapiri athu a Dedza ndi a miyala yolimba yakale kwambiri, yosasunga mafupa a mtundu uwu, ndiye sindikulonjeza kuti wina akafukula Paracolobus ku Bembeke. Koma mukatsika chitunda kupita ku Mtakataka ndi Golomoti, mpaka ku chigwa cha Bwanje ku Ntcheu, mwalowa m'chigwa chachikulu chomwe chija, ndipo mitsinje ngati Livulezi imang'amba dothi dzinja lililonse. Kumeneko anthu amakumba mchenga, amaumba njerwa, amakumba zitsime ndi ngalande za mthirira.

Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa amachokera kumunsiko. Tchuthi china, akuwola mchenga wogulitsa ndi malume ake, fosholo inagunda fupa lakuda, lolemera modabwitsa, loti ukaligogoda ndi mpeni limalira mwala. Poti anali atamva phunziro lija, analikulunga m'thumba la shuga n'kupita nalo kwa mfumu. A mfumu anachita bwino, anamutumiza ku ofesi ina ya boma. Kumeneko anamuuza kuti si nkhani yawo, apite ku ofesi ina. Ku ofesi yachiwiri anamufunsa mafunso ngati wafukula manda, mwana mpaka thukuta. Anabwerera kwawo ndi mantha, ndipo azakhali ake, poopa tsoka, anakaliponya m'chimbudzi. Fupalo linapita ndi zonse zimene likananena, pamodzi ndi malo enieni amene linagona, amene kwa katswiri ndi ofunika ngati fupa lenilenilo. Chimene mnyamatayo anaphunzirapo n'chakuti ukaona chachilendo m'nthaka, kwirira, khala chete.

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, la Monuments and Relics Act, la mu 1990. Koma lamulo limene wokumba mchenga sanalimvepo m'chinenero chake, ndipo mfumu sinauzidwe kuti ikatule kwa ndani, silingapulumutse fupa. Komanso amene amayamba kuona mafupawa kawirikawiri ndi anthu a m'dera amene maso awo anazolowera nthaka yawo, osati pulofesa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu odekhawo tili nawo m'midzi.

Dandaulo lachinayi ndilifupikitsa poti mukulidziwa kale. Chongoni inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndi malo 127 a zojambula pa miyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa. Pa phanga la Mwana wa Chentcherere, J. Desmond Clark anakumbapo m'zaka za m'ma 1970 n'kupeza mafupa ndi zida za anthu akale. Izi ndi za zaka masauzande, osati mamiliyoni, koma ndiwo malo apafupi amene mwana wa kuno angaone kuti nthaka imasunga mbiri m'magawo, chakale pansi, chatsopano pamwamba. Ndinapitako ndi ana ku phanga lina, ndipo pamwamba pa zojambula tinapeza mayina a anyamata olembedwa ndi makala, pansi pali phulusa la moto wa osaka mbewa. Mitengo yozungulira ikuthera m'matumba a makala. Ana amene amva kuti zimphona za masamba zija zinatha amafunsa okha za nchima zimene makolo awo amati kale zinkamveka m'mapirimu, ndipo ine ndimasowa poyang'ana.

Tsono, mabwana anga ndi inu eni nthaka, zopempha zanga ndi izi.

1. Pakhale bokosi la zifanizo zoumba za mafupa pa gulu lililonse la masukulu oyandikana, loti tizibwerekana. Sitikupempha mafupa enieni, amenewo akhale kumene amasamalidwa. Tikupempha zoumba za pulasitala kapena pulasitiki: nsagwada ya UR 501, dzino la nyani wodya masamba, dzino la wodya zipatso, dzanja lokhala ndi chala chachikulu ndi lopanda, ndi chigaza chimodzi kapena ziwiri. Ku Dedza kuno luso loumba silisowa, mbiya ndi makapu athu amadziwika dziko lonse. Chosowa ndi chilolezo ndi chikombole choyamba chochokera kwa osunga mafupawo.

2. Pamene mukukonzanso silabasi ndi mabuku, ikanimo Chiwondo, Uraha, Malema ndi Rukwa. Mahatchi a ku America atsale, sakulakwa, koma mwana ayambe ndi za pakhomo.

3. Lengezani njira imodzi yomveka yotulira fupa kapena chida chakale. Mfumu idziwe munthu womuimbira foni ndi nambala yake. Uthenga upite pa mawayilesi a m'madera, m'Chichewa, wonena zinthu zitatu: usalichotse ngati n'kotheka, lijambule ndi foni pomwe lili, dziwitsa a mfumu. Ndipo anthu atsimikiziridwe kuti wobweretsa uthenga sadzatengedwa ngati wofukula manda, koma dzina la mudzi wake lidzalembedwa pa chimene chapezekacho.

4. Amene apatsidwa ntchito zikuluzikulu zokumba, za misewu, madamu ndi ngalande kumunsi kwa chitunda, auzidwe m'pangano la ntchito kuti akagunda mafupa aime ndi kuitana akatswiri. Tsiku limodzi lochedwa silingagwetse ntchito ya zaka ziwiri.

5. Zinthu za ku Karonga zizitiyendera. Galimoto imodzi, matebulo angapo ndi katswiri mmodzi, kamodzi pa chaka, sabata imodzi pa boma la Dedza ndi ina pa Ntcheu, makamaka teremu yachiwiri ana a Fomu 4 asanalowe m'chipwirikiti cha mayeso. Holo tipeza, ndipo aphunzitsi tidzabwera ndi ana wapansi ngati kuli kofunika.

6. Aphunzitsi a Bayoloji ndi Jogalafe atipatseko maphunziro a masiku ochepa pa nkhani imeneyi. Ambiri a ife mutuwu timaudumpha kapena kuuthamangira, osati chifukwa cha ulesi, koma poti nafenso tinauphunzira moloweza, ndipo munthu suima molimba pa chinthu chimene sunachigwirepo.

7. Kwa inu a Gogo Chalo, pempho langa ndi lakuti mapanga a zojambula ndi mitengo yowazungulira mukambe za izo pa bwalo, monga mumachitira ndi manda ndi dambwe. Mawu anu amafika kumene chikwangwani cha boma sichifika. Achinyamata a m'midzi yoyandikana apatsidwe udindo wolondera ndi kulondolera alendo, ndipo kandalama kolowera kaziwafika m'manja.

Pa zisanu ndi ziwirizi, chachitatu sichifuna ndalama za abwenzi akunja, chimangofuna kalata imodzi yosainidwa ndi chilengezo cha pa wayilesi, ndiye ndikupempha kuti muyambire pamenepo mvula isanagwe, poti mitsinje ikasefukira ndi pamene magombe amagumuka n'kuonetsa zimene zinabisika. Aphunzitsi anzanga a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene mukugwirizana nazo, onjezani mayina a masukulu anu pogawa kalatayi, kuti akuluakulu aone kuchuluka kwa mabokosi ofunika. Yankho lanu, mabwana, mulipereke poyera monga ndalembera ine, kuti makolo alimve nawo.

Ndine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa Bayoloji,
Dedza.